Ulendo wanga wa pa ndege ndili woyembekezera, zaka zitatu chidwalireni sitiroko

Mng'ono wanga atandiimbira foni kuti chinkhoswe chake chidzachitikira ku Lilongwe, ndinali ndi pathupi pa masabata 19, ndipo nditangotsitsa foniyo ndinayang'ana dzanja langa lamanzere, limene linafa kwa miyezi ingapo nditadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo. Ndimakhala ku Leeds, ndipo ulendo wochokera ku London kudzera ku Addis Ababa umandikhazika pampando wa ndege maola oposa 10.

Ndinkaganiza kuti choopsa chachikulu ndi mpweya wa m'ndege. Adokotala a kusikelo anandifotokozera kuti mpweya wa m'katimo umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, zimene sizisiyana kwenikweni ndi kukhala pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo mayi amene magazi ake ndi okwanira amapirira bwinobwino limodzi ndi mwana wake. Chimene chinawadetsa nkhawa chinali kuundana kwa magazi. Mayi akakhala woyembekezera magazi ake amagwirana msanga, popeza thupi limakonzekera kuti asadzataye magazi ambiri pochira, ndipo kukhala malo amodzi maola oposa 4 kumawonjezera ngozi yoti magaziwo aundane m'mitsempha ya m'miyendo.

Kwa ine nkhaniyi inali yaikulu chifukwa cha mmene sitiroko yanga inayambira. Ndili ndi kabowo kakang'ono pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, kamene pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse amakhala nako osadziwa, ndipo kachidutswa ka magazi oundana kochokera m'mwendo kakhoza kudutsira pamenepo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Mayi amene sitiroko yake inabwera chifukwa cha kuphulika kwa mtsempha kapena kuthamanga kwa magazi angauzidwe zosiyana kotheratu ndi zanga, n'chifukwa chake sindikhulupirira malangizo ongomvera kwa anzathu pa WhatsApp.

Adokotala anandilola kupita pa masabata 23. Ndinapitiriza kumwa aspirin wanga, ndipo anandilembera jakisoni wa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, wodzibaya ndekha, amene ndinamunyamula m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata yawo. Makampani ambiri a ndege amafuna kalata yotere pathupi pakapitirira masabata 28, ndipo salola kukwera pakadutsa masabata 36, kapena 32 ngati ali mapasa, koma ine ndinaifuna chifukwa cha masingano. Masokosi othina ofika m'mawondo, othandiza kuti magazi aziyenda bwino m'miyendo, anandivuta kuvala moti amuna anga anachita kugwada pansi m'bandakucha kuti andikokere. M'ndege ndinakhala pampando wa m'mbali mwa kanjira, lamba ndinamumangira kunsi kwa mimba, ndipo ndinkadzuka pafupipafupi kukayenda mpaka kumbuyo, madzi ali m'manja, ngakhale kuti bambo amene anali pafupi nane ankandiyang'ana ngati wosokonekera mutu.

Funso limene linasintha dongosolo langa lonse silinali la ndege ayi. Adokotala anafuna kudziwa kuti pamene ndikagone pali mtunda wotani kukafika kuchipatala chimene chili ndi makina ounikira ubongo, popeza mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni zizindikiro monga kupotoka kwa kamwa, kufooka kwa mkono kapena kulephera kulankhula. Ndinali nditakonza zokagona masiku angapo kumudzi kwathu ku Ntchisi, kumene msewu wake umavuta mvula ikagwa, ndipo ndinaopa kuwauza amayi kuti sindifikako.

Nditawauza, anangoti, "Mwana wanga, iwe khala m'tauni momwemo, ndibwera ndine." Anafikadi pa minibasi ndi thumba la mtedza ndi nkhuku imodzi yomanga miyendo, ndipo usiku uliwonse ankakhala pamphasa n'kumandiyang'anitsitsa ndikudzibaya jakisoni uja.