Musatseke kaye adokotala

Sabata ino yonse ndinali ku fiyeta, ntchito yanga ndi yopatsira dokotala zipangizo pa opareshoni, ndipo mpaka pano ndikakumbuka za Lachitatu mtima umandigundabe.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo, tinagwira ntchito, tinaweruka. Koma ndifotokoze kaye chinthu chimodzi kuti mumvetse. Tisanayambe kung'amba munthu timawerenga chilichonse, magozi aja opukutira magazi, masingano, timipeni, anthu awiri mokweza mawu nkulemba pa bolodi, ndiye tisanatseke bala timawerenganso. Zili pa cheki lisiti ya opareshoni ya WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, imene inatuluka mu 2008, ya mfundo 19, ndipo mfundo ina imati aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake tisanayambe. Kale ndinkaiona ngati yongotayitsa nthawi, pano ndinamvetsa kuti pakamwa pakatseguka kamodzi sipavutanso kutseguka zinthu zikavuta.

Lachitatu anabwera mayi wobereka amene anataya magazi kwambiri, tinkangotsegula paketi pa paketi mpaka magozi anakwana 30. Magazi ataleka aliyense anapumira m'mwamba, adokotala akulu amene anali ataima maola atatu osakhala pansi anapempha ulusi woti ayambe kusoka. Ife kuwerenga, 29. Kubwerezanso, 29 yomweyo. Apa ndiye m'mutu munabwera zambiri, mwina ndalakwitsa ndine, mwina kagwera mu ndowa, nanga ndikawaimitsa nkupezeka kuti kali pansi andiona bwanji mwana wa dzana ngati ine, anthu atopa chonchi. Manja anali akunjenjemera mkati mwa magolovesi koma ndinayankhula.

"Pepani adokotala, musatseke kaye, kagozi kamodzi sikakuoneka."

Chipinda chonse zii, kumangomveka kamakina ka mtima. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki nkuti, "Mwawerenga bwino inu?" Ndinati eya adokotala, kawiri. Anapuma kwambiri nkubweza singano. Tinafufuza mu ndowa, pansi pa tebulo, m'mapindo a nsalu, osapezeka, kenako iwo anapisa dzanja kuseri kwa chiberekero nkukatulutsa, katanyowa magazi moti sungakasiyanitse ndi mnofu. Kakanatsala mmenemo bwenzi mayi uja akubwerera patapita masiku thupi likutentha, mafinya m'mimba, opareshoni ina. Sananene zambiri, anangoti "30, tiyeni titseke."

Koma chimene chinandivuta kwambiri ndi cha Lachinayi, chifukwa apa wolakwa ndinali ine. Potembenuka chigongono changa chinakhudza chitsulo cha diripi kenako nkukhudza thireyi ya zipangizo zowiritsa kale. Palibe anaona, ngakhale mmodzi. Kuimitsa bwana nkovuta inde koma pamakhala kaulemu kena ukapezeka kuti unalondola, pomwe kudzinenera wekha palibe chimene umapindula, ndi manyazi okhaokha basi. Ndinaima kamphindi ndikuyang'ana thireyi ija, ndikuganiza za bambo amene anali chigonere patebulo osadziwa kanthu, tizilombo sitioneka ndi maso ndipo bala likadzaola palibe akanadziwa kuti zinayambira pati. Ndinauza asisita. Anasintha thireyi yonse, ine ndinakavala gauni ina, tinachedwa mphindi 20 ndipo ena nkhope zinagwa ndithu. Asisita anadzandipeza pa sinki nkunena chapansipansi kuti mwachita bwino kunena mwanawe, mawa muziyang'ana kumbuyo musanatembenuke.

Lachisanu kunabwera mtsikana wa sukulu ya unamwino, nthawi yotchula mayina anayankhula motsitsa moti sitinamve, ndinamupempha kuti abwereze mokweza ndipo anabwereza. Poweruka ndinadzera ku wodi kukaona mayi wa Lachitatu uja, ndinamupeza atakhala tsonga akuyamwitsa, anandifunsa ngati ndingamusunthireko pilo kumsana.