Lachitatu: batire ya kumbuyo siikudzaza poyenda

M'mawa munalowa galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati. Dandaulo la mwini wake: imayenda tsiku lonse, koma kukangoda furiji yazima. Batire yolizira injini ili bwinobwino. Yovuta ndi ya kumbuyo, ya lithium ya 100Ah, yolumikizidwa ndi relay, siwichi yomwe imalumikiza yokha mabatire awiriwo mphamvu ikakwera.

Mita inanena zonse. Injini ikulira, pa alternator (makina ochaja batire injini ikamalira) panali 14.3V, pa batire ya kumbuyo 13.4V. Pafupifupi volti yathunthu ikuthera m'njira. Waya anaikapo wa 6mm², mamita 5 kupita, 5 kubwerera, ndipo pa 30A waya wotere amadya 0.9V. Wa 16mm² amangodya 0.3V. Kuwonjezera apo, waya wa negative anaumangira pa chitsulo chopaka penti, bawuti yachita dzimbiri.

Koma vuto lenileni linaoneka pamsewu. Galimotoyi ili ndi alternator ya makono yolamulidwa ndi kompyuta: batire ya injini ikadzaza, imatsitsa mphamvu mpaka cha m'ma 12.5V kuti isunge mafuta. Relay imasiya kulumikiza pa 12.8V, ndiye nthawi yambiri ya ulendo batire ya kumbuyo siilandira kanthu. Relay ikalumikizanso, lithium imakoka karenti yochuluka chifukwa siikaniza ngati batire ya asidi, ndipo injini ikamalira galimoto itaima, fani ya alternator imazungulira pang'onopang'ono, alternator n'kutentha mpaka kupsa. Relay pa lithium ndi kusunga ndalama kobweretsa chitayiko.

Masana relay inachoka, m'malo mwake munalowa chaja ya DC-DC ya 30A (yotenga magetsi ku batire ya injini n'kuwasintha kuti akhale oyenera lithium), pafupi ndi batire ya kumbuyo, pamalo opita mphepo chifukwa imatentha. Waya wa 16mm² mbali zonse, negative kubwerera ku batire ya injini. Mafyuzi awiri, iliyonse pafupi ndi positive ya batire yake, kukula kwake motsatira buku la chajayo. Musaiwale kuti chaja yotulutsa 30A imakoka zoposa pamenepo. Kawaya kakang'ono kapita ku ignition kuti chaja izigwira ntchito injini ikamalira basi.

Poyesa, karenti inakhazikika pa 30A ngakhale alternator itatsitsa mphamvu. Batire yotsala theka imafuna 50Ah, choncho ndi ulendo wa maola awiri osakwana. Kozizira pansi pa 0°C lithium siyenera kuchajidwa, ndiye BMS (kachipangizo koteteza batire ya lithium) ikakana musaikakamize. Mawa tikhwimitsanso materminal galimoto ikayenda ulendo woyamba.