Kusadziwa si Uchitsiru

Dzulo masana ku Thekerani, m'boma la Thyolo, ndinamva bambo wina akunena agogo ena aakazi kuti ndi chitsiru chifukwa anadzala mphukira za nthochi zochokera m'munda wogwidwa ndi matenda a nthochi otchedwa chisaka, ndipo mawu amenewo andisowetsa mtendere mpaka lero. Agogowo sankadziwa kuti matendawa amayenda ndi mphukira komanso ndi nsabwe zakuda zimene zimayamwa nthochi yodwala n'kukapatsira yabwinobwino. Alangizi atawafotokozera kuti nthochi yogwidwa sichira, masamba ake amangopanikizana kunsonga osabala mkoko, iwo anangoti, "Zikomo mwanangu, sindimadziwa," ndipo m'mawa uno azula phata lonse ngakhale kuti zawapweteka mtima.

Chimene chikundiwawa n'chakuti bambo amene anawanyozayo akudziwa zonsezi kuyambira kale, popeza amakhala nawo pa misonkhano ya alangizi ndipo anaona ndi maso ake mmene chisaka chinathera nthochi za ku Thyolo, zimene kale zinkadzaza malole opita ku Limbe. Komabe m'munda mwake wasiyamo mapata odwala, akuti poti ena akubalabe pang'ono, ndipo nsabwe zochokera mmenemo zikulowa m'minda ya anansi amene anavutika kuti apeze mbewu yabwino. Kwa ine, agogo aja anali osadziwa chabe, ndipo kusadziwa kwawo kunatha ndi kucheza kwa mphindi zochepa, pamene uchitsiru uli mwa iye amene wauzidwa, wamvetsa, koma akuumirirabe. Ndikupempha amfumu athu kuti amuitane bamboyu ndi kukamba naye mvula isanayambe.