Kupita ndi ana a Fomu 3 ku Joni: mmene tinayendera

Ulendo wa ana asukulu wopita kunja umayambira pa pasipoti, za basi zimabwera pambuyo. Nditapatsidwa udindo wotsogolera kalabu ya History ya Fomu 3 kupita ku Johannesburg pa holide ya Ogasiti, ndinayamba kuthamangathamanga teremu yoyamba isanathe, komabe nthawiyo inangokwanira ndendende.

Ndinayamba ndakhala pansi ndi ahedi ndi a PTA, kenako tinalembera akuluakulu a maphunziro kuchigawo kwathu kupempha chilolezo. Pamsonkhano wa makolo sindinabise mawu: mwana amene pofika Epulo adzakhale alibe pasipoti m'manja, dzina lake tidzalifufuta. Mayi wina anati, "Aphunzitsi, mwatiumira mtima," koma mwezi wa Julaye si nthawi yoti mphunzitsi azikagona pamzere wa pasipoti mayeso ali mkati. Mwana aliyense ndinamutsegulira envelopu yakeyake. Munali fotokope ya pasipoti, chiphaso chobadwira cha ku NRB, fotokope ya chiphaso cha unzika cha kholo, ndi kalata ya kholo yovomereza ulendowo, yodindidwa kwa loya kapena kwa majisitireti. South Africa simasewera pa nkhani ya ana osakwana zaka 18 oyenda popanda makolo awo, ndipo malamulo ake asinthapo kuchokera mu 2015, choncho kafunseni nokha ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe, musadalire za m'maluwa. Viza siifunika kwa Mmalawi wokacheza masiku osapitirira 30.

Ndalama makolo ankapereka pang'onopang'ono ku akaunti ya sukulu, osati m'manja mwanga. Ma rand tinagula kubanki, komwe amafuna kuona pasipoti ndi tikiti.

Msewu wake ndi wodziwika: Blantyre, Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa Limpopo. Mabodawa ndi atatu, koma lililonse lili ndi mbali ziwiri, ndiye kuti ana atsika ndi kukwera kasanu ndi kamodzi, kwina pakati pa usiku ali ndi tulo m'maso. Mapasipoti ndinkasunga ine m'kachikwama ka m'chiuno, kuwagawa tikafika paboda, kuwatolera tikangodinditsa. Mwana aliyense anali ndi nambala yake, ndipo basi sinkanyamuka mpaka atchule manambalawo mokweza kuyambira woyamba mpaka womaliza. Pa Beitbridge ndinatsegula pasipoti iliyonse kuona tsiku limene alemba pachidindo, chifukwa wopyola tsikulo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi. Majuzi ndiye musaiwale. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo chisanu cha m'mawa kumeneko chimaposa cha ku Dedza.

Mumzindamo lamulo langa linali limodzi: malo aakulu amodzi patsiku. Mphunzitsi mnzanga ankafuna tithithikize malo atatu kuti ndalama za makolo zioneke ntchito yake, koma mwana wotopa amangojambula zithunzi, m'mutu simulowa kanthu.

Tinayambira ku Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Tikiti imene amakupatsa pakhomo imakhala yolembedwa kuti ndiwe mzungu kapena sindiwe mzungu, mongogwera, ndipo aliyense amalowera khomo la tikiti yake. Atsikana awiri ogona bedi loyandikana kuhositelo anapezeka alekanitsidwa, wina uku wina uko, akuyang'anana kudzera m'zitsulo. Tsankho limene ndakhala ndikuvutika kulifotokoza pabolodi analimvetsa pomwepo ine ndisanatsegule pakamwa. Mkatimo muli chipinda chomwe kudenga kwake kukulendewera zingwe 131, kuimira omenyera ufulu amene ananyongedwa. Ana ofooka mtima muwachenjeze asanalowe.

Ku Soweto tinapita mawa lake, dala, kuti akafike akudziwa kale chiyambi cha nkhani. Ku Orlando West kuli chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata amene anawomberedwa pa 16 Juni 1976 ana asukulu akukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Ana athu amakumbukira Tsiku la Mwana wa mu Africa chaka ndi chaka pa 16 Juni, koma ambiri samadziwa kuti linachokera pamsewu umene anaimapowo. Kuchoka apo ndi kamtunda koyenda pansi kukafika ku Vilakazi Street, kunyumba nambala 8115 ya Nelson Mandela, msewu womwewo umene kunali nyumba ya Desmond Tutu. Ogulitsa ziboliboli ndi ovina ndi ambiri pamenepo, ndiye ndinaika mphunzitsi mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, mafoni m'matumba.

Malo amene ambiri sawaika pa pulogalamu, koma kwa ine ndiwo anali ofunika kwambiri, ndi Workers' Museum ku Newtown, komboni yakale ya antchito ochokera kutali. Ana anaona mabedi a simenti ondandana ngati mashelefu a m'golosale, pomwe amuna akuluakulu ankagona mothithikana. Ndinafunsa kuti ndani agogo ake anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni kudzera ku Theba kapena ku Wenela, manja anakwera ambiri ndithu. Pamenepo ndinawauza za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, mpaka Kamuzu kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo, komanso za Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Madzulo amenewo makope anadzaza popanda kuwakakamiza.

Tsiku lomaliza linali lawo. Tinakwera sitima ya Gautrain pa Park Station kupita ku Sandton, atalavula chingamu kaye popeza m'sitimamo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna. Anajambulitsa pachiboliboli cha Mandela, anagula nsapato ndi tizovala, aliyense ndi mnzake woyenda naye komanso kakhadi m'thumba kolembedwa adiresi ya kumene tinkagona. Malisiti a zogulazo ndinawauza asunge pamodzi ndi katundu wawo, poti pobwerera a kasitomu pa Mwanza akhoza kuwafuna, ndipo a sukulu ndinawamata m'kope lomwe ndinakapereka kwa a PTA sukulu itatsegulira.