Lachitatu: chikalata chabwera ngati chithunzi

Lero kwacha ndi mphekesera. Podzuka ndapeza uthenga wa mawu utazungulira kale magulu onse a WhatsApp: bambo wina wa mawu okhuthala, wosatchula dzina, akuti yunivesite yatsekedwa chifukwa cha zionetsero, mayeso aimitsidwa, aliyense alongedze. Amalankhula modekha, mosakayika. Ena anayambadi kumanga katundu.

Cha m'ma 10 koloko akuluakulu atulutsa chikalata chotsutsa bodzalo. Chikalata chaulemu wake ndithu, chidindo pamwamba, siginecha pansi. Koma achisindikiza, n'kuchisaina, n'kuchijambula ndi foni, n'kutumiza chithunzicho.

Posakhalitsa mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, wosaona, wagogoda ku ofesi chikwama chili kumsana. "Aphunzitsi, ndimati ndikutsanzikeni, akuti atseka." Ndamufunsa ngati chikalata chija sichinamupeze. Wati chamupeza, koma foni yangomuuza kuti "chithunzi", basi. Iye amadalira mapulogalamu owerenga mokweza, NVDA yaulere ija pa kompyuta ndi TalkBack pa foni. Amenewa amawerenga bwino zilembo zotaipidwa. Alipo ena oyesa kuzindikira zilembo pa chithunzi, koma pepala likakhala lopindika, lamthunzi, chidindo chitaphimba mawu, amangotulutsa zosamveka. Ndamuwerengera ndekha. Wakhala pansi, n'kuseka. "Ndiye kuti wabodza uja ndi amene watiganizira ife, aphunzitsi. Zake zimamveka."

Ine kuseka kwandikanika. Kwa osamva nkhani imangotembenuka: akuluakulu akalankhula pa vidiyo popanda womasulira chinenero chamanja, popanda mawu olembedwa pansi, iwo amadalira zowauza anzawo, ndipo anzawowo amakhala atamva kwa bambo wa mawu okhuthala yemwe uja. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa kafukufuku mu magazini ya Science atafufuza nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter. Anapeza kuti nkhani yoona imatenga nthawi yochuluka ka 6 kuposa yabodza kuti ifike kwa anthu 1,500. Choonadi n'chochedwa kale pachokha, ndiye ife ophunzira kwambiri tikuchitsekeranso mu chithunzi.

Masana kwachitika zina. Achitetezo atseka mageti onse n'kusiya limodzi kuti aziona olowa. Losiyidwalo ndi lamasitepe. Njira yotsetsereka yodutsa njinga za olumala ili ku geti lokhomedwa. Ndaona mnyamata wina atanyamulidwa ndi anzake, njinga ili m'malere, iye atagwiritsa m'mbali, nkhope ili pansi, mabuku akusereka pamiyendo. Anzakewo anachita mwachikondi, koma munthu wamkulu, wa chaka chomaliza, sabwera kusukulu kudzanyamulidwa ngati thumba. Mlonda anandiuza mwaulemu kuti, "Mayi, makiyi ali ndi abwana, ife tangouzidwa."

Zonsezi zinalembedwa kalekale. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali linavomerezedwa mu 2006. Ndime 9 imanena za kufikirika kwa nyumba ndi uthenga, ndime 21 za kulandira nkhani m'njira imene munthu angathe kuiwerenga kapena kuimva, ndipo ndime 11 imakamba ndendende za nthawi zoopsa ngati ino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, munthu mmodzi mwa 6 aliyense, ali ndi ulumali waukulu. Si kagulu koti n'kuiwalika mwangozi.

Msonkhano wa aphunzitsi unali wozizira. Masiku ano aliyense amayamba wayang'ana kukhomo asanalankhule. Mnzathu wina anakumbutsa za Central European University, yunivesite imene inasamuka ku Budapest, ku Hungary, kupita ku Vienna, ku Austria, mu 2019 lamulo limene boma la Hungary linakhazikitsa mu 2017 litaipanikiza, ndipo anthu anangoti zii. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, nanenso ndili nawo. Koma nditatchula za chikalata ndi geti, wapampando anati, "Mayi, zimenezo tidikire kaye zinthu zikhazikike." Apa m'pamene tinasiyana maganizo. Kukakhala bata, wosaona amapeza womuwerengera, wa njinga amazungulira mpaka wapeza polowera. Kukabuka chipwirikiti, kuchedwa kumva kungamuyendetse munthu kulunjika kumene kukuphulika utsi wokhetsa misozi. Komanso kutaipa mawu a chikalata n'kuwaika pansi pa chithunzi sikufuna bajeti, sikukhudza chipani chilichonse.

Madzulo ndataipa chikalata chonse n'kuchitumiza ku magulu a ophunzira, ndajambulanso mawu anga ndikuchiwerenga, kutchula dzina langa ndi tsiku koyambirira kuti adziwe wolankhula. Ndalembera a zachitetezo kupempha kuti mawa atsegule geti lotsetsereka lija m'malo mwa lamasitepe. Mpaka pano sanayankhe. Kalasi yanga ya 8 koloko ndaisamutsira chipinda chapansi, ndipo mapepala oti ndichonge akadali mulu pa tebulo.