Fayilo yandithyokera m'dzino la mphunzitsi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: mzere kuyambira mbandakucha, anthu atafunda zitenje ndi kuzizira kwa Dedza kuno, ine kuzula mano mpaka mkono kuwawa. Chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu.

Kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa cha ku Bembeke, dzino lachibwano la m'munsi, lomwe ife timalitcha 36, litamugoneka chikhalire masiku atatu. Anachita kundichonderera: "Adokotala, awiri anapita kale, ili lokha musandizule." Ndinavomera kupanga root canal, kutanthauza kuyeretsa ngalande za m'kati mwa mizu ya dzino n'kuzimata m'malo molizula. Ngalande ya kumbuyo sinavute. Nditalowa mu mesiobuccal, ngalande yakutsogolo yokhota ija, ndi K-file nambala 25, fayilo yachitsulo yoonda ngati singano yopalira m'ngalande, ndinangomva kuti thyo kuchala. Poitulutsa, yafupika. Mtima unangoti myuu.

Ekisile inaonetsa kachidutswako katakhala kupitirira pokhota. Ultrasonic, makina ogwedezera kachidutswa kuti katuluke, tilibe, microscope ndiye osanena. Kukakamira kukachotsa ndikanangodya muzu mpaka kuuboola. Ndinatenga fayilo yocheperapo, nambala 10, kuipinda pang'ono kunsonga, kutsuka ndi mankhwala ophera tizilombo a hypochlorite, kufufuza mpata m'mbali mwa kachidutswako, kutsukanso. Patatha pafupifupi ola, odwala panja akung'ung'udza, fayilo inadutsa mpaka kunsonga kwa muzu. Ndinaika mankhwala a calcium hydroxide n'kumata mongoyembekezera.

Kenako ndinawadzutsa mayiwo n'kuwaonetsa chithunzi. "Mayi, kachitsulo kathyokera m'dzino lanu, ndipo katsala momwemo." Anagwira pakamwa. "Sikayenda m'thupi, adokotala?" Ndinawafotokozera kuti sikasuntha, ndipo chomwe chimabweretsa mafinya si chitsulo koma tizilombo totsalira ngalande ikapanda kutsukika. Ndinawauzanso kuti likadzavuta tidzawatumiza ku Lilongwe. Zonse ndinalemba m'buku lawo lachipatala. Pali anzathu ena amangomata n'kukhala chete. Ine zimenezo sindingathe.

Chikundipweteka n'chakuti fayiloyo inali yotopa, ndipo ndinkadziwa. Fayilozi timazilowetsa mu autoclave, makina ophera tizilombo pa zipangizo, mawa m'kamwa mwa wina, mkuja chimodzimodzi, mpaka mizere yake kumasuka. Ndalemba kangapo kupempha zatsopano. Yankho la akuluakulu silisintha: ndalama kulibe, ndipo "bwanji osangozula?" Kwa iwo ntchito ya mano ndi pulayala basi, ngati kuti munthu wakumudzi sayenera kukalamba ndi mano ake.

Lachinayi magetsi anazima, tinangozula. Lachisanu masana ndinakhala pansi pa nyali n'kuunika fayilo iliyonse m'bokosi. Zopindika ndi zomasuka ndinataya zonse. Za nambala 25 zatsala ziwiri, ndipo mayi aja akubweranso Lachitatu kuti tidzatsirize.