Tinakaona mathirakitala ku Ratheniska, tinabwerako tikukamba za chigayo

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Dublin, ku Ireland, linachita hayala minibasi mu September 2024 kupita ku National Ploughing Championships, ku Ratheniska m'chigawo cha Laois. Mpikisano wolimawu unayamba mu 1931 kufupi ndi Athy, koma lero unasanduka chionetsero cha zaulimi chomwe chimasonkhanitsa anthu oposa 200,000 m'masiku atatu. Ambirife cholinga chinali kukajambulitsa pambali pa mathirakitala aakuluakulu kuti akumudzi aone pa WhatsApp. Zimenezo tinachitadi, ndipo ena anadandaula mtengo wa chakudya tsiku lonse.

Kumene tinakhalitsa ndi pa malo a Health and Safety Authority, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito. Anatikokera kumeneko ndi amayi a m'gulu lathu omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo amasambitsa ndi kudyetsa madala omwe kale anali alimi, ena zala zosakwana, ena msana wopindika, ndiye amafuna kumva gwero lake.

Ku Ireland ulimi ndi ntchito yomwe imapha anthu ambiri, ndipo pafupifupi mlimi mmodzi mwa atatu alionse okhala ndi famu ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Zomwe zimapha kwambiri ndi mathirakitala, magalimoto apamunda, makina ndi ng'ombe. Ine ndinkayembekeza kumva za anyamata othamangitsa makina. Ayi ndithu. Nkhani zambiri zinali za munthu amene wayendetsa thirakitala zaka makumi asanu. Waimika potsetsereka, watsika kukatsegula geti, handibuleki sinagwire bwino, thirakitala n'kumutsatira. Ali mnyamata akanadumpha. Tsopano mawondo akana, khosi silitembenuka, makutu samvanso kulira kwa matayala pamiyala. Ana anapita kutauni, choncho akavulala m'mawa amapezeka madzulo.

Anationetsanso shafti ya PTO, chitsulo chozungulira kumbuyo kwa thirakitala chomwe chimayendetsa makina ena. Chimazungulira maulendo 540 pa mphindi, kutanthauza maulendo 9 pa sekondi imodzi. Chikakola mkono wa jekete, palibe nthawi yoti ufuule. Chivundikiro chake cha pulasitiki si chodula, komabe chikasweka mlimi wozolowera amangoti mawa. Pa njinga zamoto za matayala anayi zotchedwa quad, lamulo linayamba mu November 2023 loti aliyense woziyendetsa pa ntchito aphunzire kaye ndipo azivala helemeti.

Tinamvanso za Embrace FARM, bungwe lomwe linayamba mu 2014 lothandiza mabanja oferedwa pa ngozi zapamunda. Chaka chilichonse amachita mapemphero ku Abbeyleix okumbukira omwe anatisiya.

Pobwerera pa msewu wa M7, nkhani inatembenukira kwathu. Angapo m'gulumu anatumiza ndalama zogulira makolo chigayo cha dizilo kapena makina otonolera chimanga, kuti azipeza kangachepe osadikira ife. Tcheyamani wathu anafunsa kuti ndani anafunsapo ngati lamba wa chigayocho ndi wophimbidwa. M'minibasi munangoti zii. Tonse timadziwa momwe zigayo zambiri zilili: lamba ali pamtetete, amayi akuwerama pafupi kukokolola ufa, chitenje chikulendewera. Ndipo bambo wa zaka 70 ndi amene amapukusa handulo yolizira injini, chifukwa mnyamata wa ganyu sanabwere.

Ena anati madala akwathu sauzidwa zochita, makamaka ndi mwana yemwe ali kunja. Zoona zimenezo, ngakhale a ku Laois ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake tinagwirizana zosalimbana nawo pafoni. Aliyense amene anagulira makolo makina atumize ndalama kwa wowotcherera wapafupi kuti apange chitetezo cha waya kuzungulira lamba, ndipo alipire mnyamata wokhazikika woliza injini. Zithunzi za ntchitoyo zifike kwa mlembi msonkhano wa December usanachitike.